Esitere ndi Mthuthuthu wa Malemu

Taganizirani m'mawa wa tsiku wamba pa Kapondo. Si tsiku la msika, ndi Lachiwiri chabe. Chigayo sichinayambe kulira. Ana a sukulu akudutsa ndi matsache m'manja, ang'onoang'ono akuthamanga chifukwa belu loyamba lalira, akuluakulu akuyenda mwachifatse chifukwa anazindikira kalekale kuti belu loyamba ndi longoopsezera. Pakhonde la kanyumba kena ka malata pali makina osokera opalasa ndi mwendo, ndipo kutsogolo kwake kwandanda njinga zamoto zitatu ngati amayi odikira sikelo. Eni ake, anyamata a kabaza, akhala pabenchi manja ali pamawondo. Anyamata amenewa akakhala pamsewu salola munthu kuwadutsa, ndipo pakamwa pawo sipasowa yankho, koma pakhonde limeneli amafatsa ngati ana a Sitandade 1 tsiku loyamba.

Amayi amene akuwadikirawo akutuluka, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, sipanala ili m'dzanja.

"Anayamba kufika ndani?"

"Ndine, masteni. Ikumangozima ndikaima."

"Petulo unagula kuti?"

Mnyamatayo akuyang'ana zala zake za kumapazi. "Wa m'mabotolo, masteni. Anali wotchipa."

"Ndiye ukufuna ndikonze njinga, kapena ndiyambe ndakonza iweyo?"

Amenewo ndi a Esitere Mbewe, amene anzawo amawatcha Anambewe. Kusukulu ya umakaniko sanapiteko, ndipo mpaka chaka cha 2022 anali asanamasulepo injini. Ntchitoyi anaiyamba chifukwa ankafuna kukwatiwa, ndipo njira yopita kuguwa inali imodzi yokha, yodzera m'kabuleta.

Anabadwira m'mudzi wina wa kufupi ndi Kapondo, woyamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Sukulu ankaikonda, makamaka masamu, koma anailekezera Sitandade 7 kuti alere azing'ono awo mayi awo atadwala. Azakhali awo anali telala, ndipo ndi amene anawaphunzitsa kusoka n'kuwasiyira makina aja, akuda, olemera, a maluwa agolide ofufutika. Wokonza makina ankakhala ku boma, ndipo ankabwera pamene mtima wake wafuna, osati pamene makina afuna. Tsiku lina, kutatsala masiku atatu kuti akwaya avale madiresi awo atsopano, makinawo anayamba kudula ulusi. Mtsikanayo analira pang'ono, kenako anatenga mpeni wa patebulo n'kumasula masikuluwu onse. Anapeza zinyenyeswa za ulusi zitaunjikana pansi pa bobini. Anachotsa, anadontheza mafuta, anatseka. Akwaya anaimba atavala. Kuyambira tsiku limenelo anadziwa chinthu chimene amuna ambiri safuna kuti akazi adziwe: m'makina mulibe ufiti, muli litsiro basi.

Mu 1996 anakwatiwa ndi a Benedicto, mnyamata wa kufupi ndi Kachebere, amene anabwera kudzakhala chikamwini. Ntchito ya a Benedicto inali yothena nkhumba ndi mbuzi m'midzi. Anali ndi dzanja labwino, alimi ankawayamikira. Nkhumba zokha ndi zimene zinali ndi maganizo ena. Mu 2004 anagula njinga yamoto kwa mlangizi wina wopuma pantchito, yofiira, yokalamba kale ngakhale panthawiyo, imene inkamveka isanawoloke dambo. Ana ankaithamangira akufuula kuti mthuthuthu wabwera. Nkhumba zinkathamangira kwina.

Njingayo anaikonda mopitirira muyeso. Loweruka lililonse ankaimasula pakhonde, kuipukuta, kuiuzira, kuilankhula. Bulangete labwino la m'nyumbamo inkafunda ndi njingayo. A Esitere ankaitcha mkazi mnzawo, ndipo alendo akafunsa kuti abambo ali kuti, ankayankha kuti ali kwa mkazi wamng'ono. Kuigwira sankaloledwa, kupatula kamodzi. Mu 2009 a Benedicto anatuluka chithupsa pamalo pamene munthu amakhalira, nthawi imene ntchito inali yochuluka. Anakakamizika kuphunzitsa akazi awo kuyendetsa pabwalo la mpira, ndipo kwa masabata atatu anthu a pa Kapondo ankaona a Esitere ali kutsogolo, amuna awo ali kumbuyo atakhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi ngati mkwatibwi. Chithupsa chitaphulika, kiyi anabwerera m'thumba la mwini wake, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso m'nyumbamo.

A Benedicto anamwalira mu Malichi 2015 atadwala sabata imodzi yokha. A Esitere analira kwambiri, pakuti ngakhale anawaika pamitala ndi njinga, anali mwamuna wabwino, wosamenya, woseketsa ana. Njingayo anailowetsa m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba n'kuifunditsa bulangete lake.

Pali mwambo umene ana ambiri a masiku ano saudziwa bwino, ndiye ndi bwino kuufotokoza. Mwamuna akamwalira, mkazi amawerengedwabe kuti ndi wa banja la malemuyo mpaka achibale a mwamunayo atamusudzula. Amakhala pansi ndi ankhoswe, amagwirizana za katundu woti apite kuchimuna, kenako wamkulu wa banjalo amanena pamaso pa anthu kuti mayiyu tamumasula, akafuna kukwatiwa akwatiwe. Mawuwo ndi ochepa, koma asananenedwe palibe nkhoswe wanzeru zake amene angalandire mwamuna wina pakhomopo.

Wamkulu wa banja la a Benedicto anali mkulu wawo, a Alufeyo, bambo wamtali, wowonda, mtsogoleri wa mphakati kutchalitchi, amene pemphero la chakudya ankalitalikitsa mpaka ndiwo kuzizira. Anabwera chaka chotsatira, sabata ya pambuyo pa Pasaka. Jekete, wailesi ndi mipeni ya ntchito anati zitsalire ana. Iwo ankafuna njinga basi. Anaitulutsa m'chigafa, anakwera, anamenya kiki. Zii. Anamenyanso. Amene analipo amati anamenya maulendo makumi anayi, malaya atavula, mpaka kiki inabwerera n'kuwamenya pamsongolo.

"Alamu," anatero akupuma mwabefu, "njinga iyi inabwera pakhomo pano ikulira. Ichokenso ikulira. Mng'ono wanga sakuvomera kuti ipite, pali chimene chikumuwawa. Tsiku limene idzalire ndidzadziwa kuti mtima wake watsika, ndipo ndidzakusudzulani."

"Alamu, njingayi yagona chaka chathunthu. Inuyo mutagona chaka mungadzuke ndi kiki?"

"Izi ndi zauzimu, alamu. Inu zisiyeni."

Anazisiyadi. Kuyambira chaka chotsatira, Pasaka akangodutsa, a Alufeyo ankatulukira ndi kabotolo m'thumba la jekete. Ankapempha kuti awasiye okha m'chigafamo alankhule ndi m'bale wawo, ndipo a Esitere, mwa ulemu, ankapita kukathamangitsa nkhuku yoti alendo adye. Kuchigafa kunkamveka pemphero, kenako kiki, kenako mawu ena osapezeka m'buku la mapemphero. Alamuwo ankatuluka thukuta lili kamukamu, kabotolo kopanda kanthu, n'kulengeza kuti malemu sanavomerebe. A Esitere ankaganiza kuti m'kabotolomo mumakhala kachasu, ndipo sankawaweruza. Munthu amalira m'bale wake mmene angathere.

Kusasudzulidwako sikunkawasowetsa tulo. Anali ndi makina awo, munda wawo, ana awo awiri akukula bwino, ndipo akafunsidwa ankati mwamuna mmodzi ndi njinga yake anawakwanira moyo wonse.

Kenako kunabwera buluku. Mu 2021 a Rodrick, mlimi wa kudimba amene akazi awo anamwalira zaka zinayi m'mbuyomo, anabweretsa buluku kuti alifupikitse. Patapita sabata analibweretsanso, ati lafupika kwambiri. Sabata inayo anati m'chiuno mwakula. Ulendo wachisanu a Esitere analiyala pamakina n'kupinda manja.

"A Rodrick, bulukuli lazunzika mokwanira. Nenani chimene mwadzera lisanathe."

A Rodrick ananena, maso ali pabuluku. Ndipo a Esitere anapeza kuti mtima wawo, umene ankati unapuma pantchito kalekale, unali utangopita kutchuthi.

Koma nkhoswe wa a Rodrick atapita kwa atsibweni a Esitere, anabwerako ndi yankho lalifupi: mayiyu ngwa eni ake, sanasudzulidwe. Anatumiza uthenga kwa a Alufeyo, ndipo yankho linali lomwe lija: ilire kaye. Mu Epulo 2022 alamuwo anabweranso ndi kabotolo kawo, anapemphera, anamenya kiki, anadya nkhuku, anapita.

A Rodrick anali atadikira chaka. Koma alongo awo anatopa kuwachapira ndi kuwaphikira, ndipo anali atawapezera kale mayi wina wa ku Mlonyeni, wopanda njinga iliyonse kuseri kwa nyumba. Tsiku lina a Rodrick anafika pakhonde paja chimanjamanja, nkhope ili yakugwa.

"Anambewe, kwathu andipanikiza. Akuti Ogasiti akatha ndisanamange ukwati, apita okha ku Mlonyeni kukandifunsirira. Ndawakana kawiri. Kachitatu sindikudziwa."

"Ndiye mukuti titani?"

"Ndimaganiza kuti tiikweze pangolo. Tikafika pafupi ndi mudzi wawo inu mukwere, ine ndizikankha kumbuyo uku ndikulira ndi pakamwa."

"A Rodrick, mwalima kabichi nthawi yaitali. Mutu wayamba kufanana naye."

A Esitere anaitana Phillip, makaniko wa pamsika. Phillip anaima pakhomo la chigafa manja ali m'matumba, osalowa n'komwe.

"Mayi, vuto ndi kabuleta, ndipo kabuleta ya mtundu uwu simungaipeze ngakhale ku Chipata. Amene anaipanga anamwalira. Ingoisiyirani nkhuku ziziikirapo."

"Zikuikirapo kale," anayankha a Esitere. Ndipo zinali zoona, pampando panali thadzi likufungatira.

Unali mwezi wa Meyi. M'mawa mwake a Esitere anasamutsa thadzi lija ndi mazira ake, anavundukula bulangete limene makoswe anali atadya theka, n'kukankhira mkazi mnzawoyo pakhonde, pamalo omwewo pamene a Benedicto ankamumasulira. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala akusoka pamenepo, diso limodzi lili pamanja a amuna awo. Mayina a zitsulo sankawadziwa, koma ankadziwa chimene chimayamba kuchoka ndi chimene chimatsatira.

Ntchitoyo anaigwira mmene telala amasomolera diresi la mwini wake pofuna kutengapo patani. Anayala nsalu yoyera pamphasa. Kachitsulo kalikonse kakachoka ankakaika pansaluyo kuyambira kumanzere kupita kumanja, kukazunguliza ndi choko, n'kulemba nambala. Sikuluwu iliyonse ankawerenga kuti yazungulira kangati, n'kulembanso. Amayi odzatenga madiresi awo ankaima kuonerera. Wina anafunsa ngati amasiye amaloledwa kugwira zinthu zoterezi. A Esitere anati sakudziwa, adzafunsa akadzasiya kukhala amasiye.

Kabuleta ndi kachitsulo kokula ngati chibakera, kokhala pakati pa thanki ndi injini. Ntchito yake ndi ya mayi wosungunula sobo wa alendo: mpweya wambiri, petulo pang'ono, zisakanikirane bwino injini isanamwe. Pansi pake pali kambale kosungira petulo, ndipo m'kambalemo muli fuloti, kanthu koyandama kamene kamatseka petulo akadzadza. Petuloyo amakwera kudzera m'timabowo ting'onoting'ono totchedwa majeti, ndipo pakati pali singano yeniyeni, yaitali, yokwera ndi kutsika. A Esitere ataiona singanoyo anaseka okha. Zaka zonsezi amuna ankanamizira kuti muli zozama, chonsecho muli singano ndi timabowo, ntchito ya telala.

Koma atamasula kambale kaja sanasekenso. Munalibe petulo. Munali matope ofiira ndi madzi. Ananunkhiza, anagwira ndi chala. Madzi enieni. Anatsegula kampopi ka pansi pa thanki n'kutchera botolo la malita awiri. Linadzadza, otsala anagwera m'beseni, ndipo kumapeto kwenikweni ndi kumene kunatuluka kapetulo kakale konunkha ngati vanishi. Anapita kukayang'ana denga la chigafa: silinkadontha. Chivindikiro cha thanki chinali cholimba bwinobwino. Anakhala pansi, botolo lili pamiyendo, n'kuyamba kuwerenga. Maulendo asanu ndi limodzi a pambuyo pa Pasaka. Kabotolo kodzadza polowa, kopanda kanthu potuluka. Ndipo pa Pasaka ndi pamene akhristu amatunga madzi odalitsidwa kutchalitchi.

"Mayo ine," anatero. "Ndinkamunamizira kachasu munthu wa Mulungu. Bola akanamwa kachasuyo."

Chaka choyamba chija njinga inangokana chifukwa petulo wakale anauma n'kutseka majeti, ntchito ya theka la tsiku. Zaka zinazo a Alufeyo anakhala akuibatiza m'mimba. Botololo a Esitere analitseka bwino n'kulibisa pansi pa bedi, osauza munthu, ngakhale a Rodrick.

Ntchito inatenga masabata asanu ndi awiri, m'mawa kusoka, masana njinga. M'thanki anathiramo timiyala ta kumtsinje ndi palafini, anaikulunga m'chitenje n'kumaigwedeza ngati mwana wokana kugona, kutaya, kuthiranso, mpaka dzimbiri linatha. Mwamwayi zitsulo zakale n'zokhuthala, thankiyo sinabowoke. Kabuleta anaiwiritsa m'madzi a mandimu mumphika wakale. Phillip podutsa anawalangiza kuti majeti awatokose ndi waya, ndi mmene iye amachitira. A Esitere anakana. Bowo la batani ukalikulitsa silibwereranso, ndipo anaganiza kuti la petulo n'chimodzimodzi. Anatenga ulusi wa nayiloni, anaupisa m'jeti monga amapisira pasingano, n'kumaukoka uku ndi uku mpaka ataloza jetiyo kudzuwa kuwala kunaoneka kobulungira bwino. Gasiketi, kapepala kolimba kotseka kambale kaja kuti kasadonthe, inali itafumbutuka. Anadula ina pachikuto cha kalendala ndi sizasi yawo yodulira makolala. Siponji yosefa mpweya anadya makoswe. Anasomola ina m'mapewa a jekete la malemu. Mpando anausokera chikopa chatsopano. Machubu, oyilo ndi pulagi anakagula ku boma ndi a Rodrick, ndipo ntchito ya a Rodrick inathera pomwepo, chifukwa atapatsidwa sipanala kuti amasule, anamangitsa.

Ulendo woyamba a Esitere analakwitsa. Fuloti anaiika chozondoka, ndipo atatsegula kampopi petulo anatayikira pakhonde ponse anthu akuona. Phillip anaseka mpaka anagwira chipilala. A Esitere anamudikira amalize, anamasulanso, anayang'ana zimene anajambula pansalu paja, anatembenuza.

Linali Lachinayi masana, kumayambiriro kwa Julaye. Anakwinya chitenje, anakhethemula kiyi, anamenya kiki. Njinga inatsokomola. Anamenyanso, inayetsemula utsi wakuda pamodzi ndi makoko a mtedza amene makoswe anasunga mu ekizozi. Kachisanu inalira, thu-thu-thu-thu, liwu lomwe lija, lokhuthala, losafulumira. Ana anatuluka m'nyumba zonse. Nkhumba za m'mudzimo, zimene panalibe ndi imodzi yomwe imene inawaonapo a Benedicto, zinathawira kudambo. Zikuoneka kuti makolo awo anazisimbira. A Esitere anaima atagwira mahandulo akunjenjemera m'manja mwawo, ndipo anadabwa kupeza kuti misozi ikutsika. Zaka zisanu ndi ziwiri anali asanamve mwamuna wawo akubwera.

Loweruka la sabata yotsatira ananyamuka dzuwa litangotuluka, iwo kutsogolo, atsibweni awo kumbuyo monga nkhoswe, botolo lija lili m'chikwama. Atsibweniwo, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, anatseka maso pa Kapondo n'kudzawatsegula mapiri a ku Kachebere ali pafupi. Anagwa kamodzi pamchenga, popanda wovulala, ndipo atsibweni anati iwo sanaope chifukwa anali atalapa kale machimo awo onse m'njiramo.

Anthu a m'mudzi wa a Alufeyo anatuluka atamva kulirako. Amayi ena achikulire anayamba kubuma maliro, n'kulekeza ataona woyendetsa. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. A Esitere anazimitsa njinga, anasiya kiyi pomwepo, n'kukakhala pansi pamodzi ndi amayi anzawo.

A Alufeyo anaizungulira njingayo katatu. Kenako anatembenukira kwa anthu, chifuwa chili patsogolo.

"Abale, mwaona nokha. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ulendo wa ku Kapondo, kupemphera, anthu akundiseka. Lero mng'ono wanga wayankha. Tsopano ndiiliza ndekha ndi mwendo wangawu pamaso panu. Ikalira, mayiwa ndiwasudzula. Koma tiyambe tathokoza."

Anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa kabotolo. Ndi dzanja linalo anayamba kupotokola chivindikiro cha thanki.

A Esitere anaona masabata asanu ndi awiri aja, mwezi wa Ogasiti ndi buluku la a Rodrick, zonse zikumira m'thankimo. Pabwalo lotere mkazi wamasiye amakhala pamphasa, womulankhulira amakhala nkhoswe wake. Anayang'ana atsibweni, iwo anali akadafufuza ngati miyendo yawo yafika yonse. Anadzuka okha, chikwama m'manja, anafika panjinga paja, anagwada monga mwa ulemu, dzanja limodzi n'kulisanjika pachivindikiro.

"Alamu," anatero motsitsa mawu kuti amve awiri okha, "ndabwera ndi katundu wina wa malemu. Tasuzumirani m'chikwamamu."

A Alufeyo anasuzumira. "Thobwa?"

"Madzi anu. A zaka zisanu ndi chimodzi. Ndawatulutsa m'mimba mwa njingayi pamodzi ndi dzimbiri. Ndi amene ankaigwira pakhosi, osati mng'ono wanu."

"Alamu, samalani pakamwa. Awa ndi madzi odalitsidwa. Kutchalitchi anati tiziwaza pakatundu wathu."

"Anati kuwaza, alamu, sanati kumwetsa. Nanga wailesi yanu mumaithira m'kati?"

A Esitere anapitiriza motsitsa mawu.

"Anthuwa sakudziwa, atsibweni omwe sakudziwa. Ine sindinabwere kudzachititsa manyazi munthu amene wayenda maulendo onsewa chifukwa chokonda m'bale wake. Mukawaza pampando, botololi likhala m'chikwama momwemu, ndipo pemphero lanu ndi limene layankhidwa. Mukathira m'thanki, njinga ifa, ine nditsala wamasiye. Ndipo wamasiye wosowa chochita amalankhula kwambiri."

A Alufeyo anaweramuka. Anayang'ana m'chikwama, anayang'ana anthu, anayang'ana kumwamba ngati akufunsa maganizo. Kenako anamanga chivindikiro mwamphamvu.

"Mayiwa akundikumbutsa," analengeza, "kuti mng'ono wanga ankaukonda kwambiri mpandowu."

Anawaza pampando. Anawaza pamahandulo, pamatayala, panyali, ndipo otsalawo anawakhuthulira pamutu pa a Esitere, ochulukirapo ndithu kuposa amene pemphero linkafuna.

Anakwera, anamenya kiki. Zii. Anamenyanso. Zii. Pabwalo panayamba manong'onong'o, ndipo mayi wina anati malemu asinthanso maganizo. A Esitere, akadali chigwadire, anaona vuto lake: m'chipwirikiti cha mumtima, alamuwo anaiwala kukhethemula kiyi. Anatenga nsonga ya chitenje ngati akupukuta madzi panyali, chala n'kudutsa pakiyi.

"Yesaninso, alamu. Mwina amafuna katatu."

Kachitatu njinga inalira.

A Alufeyo anaisiya ilire kanthawi, akumwetulira ngati anaipanga ndi iwo. Atazimitsa anaima pakati pa bwalo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analankhula mwachidule.

"Mayi awa anasunga bwino m'bale wathu ali moyo, asunganso katundu wake. Ife akuchimuna tilibe nawo mlandu. Tawamasula. Akafuna banja, apite ndi mtendere."

Amayi anaimba nthungululu. A Esitere anawomba m'manja mwaulemu, madzi akudontha m'duku. Pobwerera anakwera matola, atsibweni maso ali chitsegulire njira yonse. Botolo lija analikhuthulira patsinde pa mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba, chifukwa madziwo, ngakhale anali adzimbiri, anali odalitsidwabe, sakanawataya pena paliponse.

Patangotha masabata atatu njinga inabweranso pa Kapondo, a Alufeyo ali pamwamba, atayenda ulendo wonsewo pagiya imodzi, ikutsokomola chifukwa cha petulo wa m'mabotolo. Sanapite kwa Phillip. Anaima pakhonde la alamu awo n'kufunsa mwaulemu ngati ali ndi kampata. Anyamata a kabaza anaona mthuthuthu wamkulu zaka kuposa iwo ukufika ukutsokomola n'kuchoka ukuimba, ndipo m'mawa mwake mmodzi anakankhira yake pakhondepo. A Esitere samangowakonzera. Amawakhazika pamphasa, amawayalitsa nsalu yoyera, amawauza alembe okha manambala, chifukwa amati mwana amene wamasula kabuleta ndi manja ake n'kuona zotulukamo sagulanso petulo wosakaniza ndi palafini. Ena amamva. Ena amabweranso Lachiwiri.

Ukwati wa a Esitere ndi a Rodrick unachitika Loweruka pa 20 Ogasiti 2022, mkwati atavala buluku lomwe lija. Njinga ya malemu Benedicto ikuyendabe pakati pa Kachebere ndi boma, ndipo kabuleta yake ndi yomwe ija imene a Esitere anaitsuka ndi mandimu ndi ulusi.